Msinkhu wa Mwana wa Kalipentala

Mumsewu wa amisiri aliyense ankamutchula Utuchi. Dzinali linayamba ali khanda, pamene mayi ake, potanganidwa ndi kusoka, ankamugoneka pathumba la utuchi kuseri kwa benchi yopalira matabwa. Akadzuka, mutu wonse unkakhala mbuu. Dzina lake lenileni linatsalira kusukulu ndi m'mapepala a asilikali. Anafera kunkhondo ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo woyamba kuona amithenga a imfa yake anali mchemwali wake, amene bambo awo ankangomuitana kuti Chisamba chifukwa ndiye anali woyamba kubadwa.

Uthengawo unabwera m'mawa, shopu itangotsegulidwa. Chisamba anali kusita nsalu yoyera patebulo la pafupi ndi khomo pamene asilikali awiri anaima pakhomopo, zipewa zili m'manja. Sanawafunse chimene ankafuna. Anazimitsa simbi, naiimika bwinobwino kuti isawotche nsalu, kenako anapita kuseri kukaitana bambo ake.

Wamkulu mwa asilikaliwo analankhula mwaulemu ndiponso mwachidule. Utuchi ankayendetsa lole yotengera madzi kwa anzake a kutsogolo. Loleyo inawomberedwa pamlatho. Sanavutike nthawi yaitali, anatero msilikaliyo, ngakhale kuti mwina mawu amenewa amauza banja lililonse. Thupi lifika mkuja m'bokosi la usilikali, koma ngati banja lili ndi bokosi lake, palibe choletsa.

"Lilipo," anatero a Kalipentala. "Mwana wanga sangagone m'bokosi lokhomedwa ndi munthu amene sindimudziwa."

"Ndiye tikutumizireni muyeso wake, bambo, kuti musavutike."

A Kalipentala anamuyang'ana msilikaliyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga ankachitira ndi munthu aliyense.

"Muyeso wa mwana wanga mundiuze ndinu? Tikaima pamodzi ine ndi iyeyo, makutu athu amalingana. Pitani bwino, ana anga."

Mawu amenewa anamulasa Chisamba msanga kuposa uthenga wa imfa, womwe unali usanamulowe bwino. Makutu a awiriwo ankalinganadi, koma zinali zaka zitatu zapitazo, tsiku limene Utuchi ananyamuka. Chichokereni, bambo ake anali asanamuonenso. Chisamba yekha ndiye anamuona, kamodzi, mobisa, ndipo ankadziwa kuti bokosi la msinkhu wa bambo ake silingamukwane mlongo wakeyo. Kuti anene zimenezi, anayenera kunenanso kuti mwanayo anafika m'tauni momwemo, pamtunda wongoyenda pansi, koma osaponda pakhomo.

Kuti zimveke chifukwa chake nkhani ya muyeso inali yolemera chotere pabanjali, pafunika kufotokoza pang'ono za ntchito yawo.

A Kalipentala anaphunzira umisiri kwa bambo awo, amene ankakhoma zitseko ndi mipando. Nawonso anayamba ndi zomwezo, koma ofuna mabokosi a maliro ndiwo ankabwera kawirikawiri, mpaka mipando inatha m'shopumo, kutsala mabokosi okhaokha ataimikidwa kukhoma. Munthu wosamudziwa akamwalira, ankatuma wina ndi chingwe kukamuyesa kuchipatala. Koma munthu womudziwa sankamuyesa. Ankati kuyala tepi pathupi la mnzako amene unkamwa naye tiyi n'kumuchita chipongwe. Ankamuyesa ndi maso adakali moyo, nthawi zina osafuna n'komwe, ndipo pa zaka zonsezo palibe bokosi limene linabwezedwa. Mumsewumo inali nthabwala yodziwika. A Magalasi, owotcherera zitsulo a shopu yoyandikana, amene magalasi akuda sankachoka pachipumi pawo, akapatsidwa moni wautali ankati: "Chotsani maso amenewo pa ine, achimwene. Mageti a anthu sindinamalize."

Mayi a anawo ndiwo ankayala nsalu m'kati mwa mabokosi. Anali munthu wosalankhulalankhula, woimba chapansipansi akamasoka pamakina. Anadwala chifuwa m'nyengo ya mvula, Utuchi atangoyamba sukulu, ndipo sanachire. Chisamba anasiya sukulu nakhala pampando wa mayi ake, miyendo isanayambe kufika bwino popondera makina. Ndiye analera mwanayo. Ankamusambitsa, ankamuchotsa tizidutswa ta matabwa m'mapazi ndi singano, ankamuchepetsera malaya a bambo awo kuti amukwane. Pambuyo pake anakwatiwa ndi kondakitala wa basi, banja silinayende, ndipo anabwerera kumakina omwewo. Za banjalo palibe chifukwa chonenera zambiri pano.

Utuchi anali wamanzere, ndipo puleni yopalira matabwa inkayenda chopendeka m'manja mwake. Sikuti anali waulesi. Ankasesa, ankawongola misomali yakale, ankapaka vanishi bwino kuposa onse m'nyumbamo. Kungoti mtima wake sunkakhala pansi. Tsiku lina masana, kukutentha, analowa m'bokosi lomwe linali litangouma nagona, poti munali mozizira. Mayi wina wodzasankha bokosi la apongozi ake atasuzumiramo, mnyamatayo anatsegula maso n'kunena kuti, "Tengani lomweli, mayi, silipweteka msana." Mayiyo anathawa n'kusiya nsapato imodzi pakhomo. A Kalipentala anamuthamangitsa mwana wawo ndi kathabwa mpaka kugalaja ya kumapeto kwa msewu, koma atabwerako Chisamba anawamva akuseka okha pabenchi, akunamizira kutsokomola.

Chimene Utuchi sankatha chinali kupita ndi chingwe kuchipatala. Ulendo woyamba anabwerako chingwe chili chopindapinda m'thumba, nakhala pansi kuseri kwa shopu.

"Muyeso uli kuti?" anafunsa bambo ake.

"Bambo, munthu uja ali ndi wotchi pamkono. Ikuyendabe."

"Sindinakutume kukaona wotchi. Bwerera."

Anabwereradi, nabwera ndi mfundo pachingwe pamalo pake. Koma kuyambira pamenepo, akasowa m'shopu ankapezeka kugalaja, atagona pansi pa galimoto ya mwini, akupatsira makaniko masipanala. Ankafuna kukhala dalaivala wa malole. Atamva kuti kuusilikali amaphunzitsa kuyendetsa, anakalembetsa osauza munthu. Nthawi imeneyo kunalibe nkhondo, ndipo palibe amene ankaiyembekezera. Izi ziyenera kunenedwa, chifukwa ena pambuyo pake ankalankhula ngati kuti mnyamatayo anathamangira mfuti. Iye anathamangira chiwongolero.

Tsiku lonyamuka anaima pakhomo la shopu ndi kachikwama kake, kudikira kuti bambo ake atukule mutu. Iwo anapitiriza kupala thabwa.

"Ndikupita, bambo."

"Ine ndimakhoma mabokosi kuti inu mudye," anatero osamuyang'ana. "Iwe ukupita kumene mabokosiwo amawafunira eni ake. Ukatuluka pakhomopo choimirira, udzalowanso chogona."

Anthu amanena zambiri akakwiya, ndipo Chisamba sanakhulupirirepo kuti mawuwo anachokera pansi pa mtima. Koma ananenedwa, ndipo palibe amene anawabweza. Utuchi akapatsidwa tchuthi ankapita kwawo kwa anzake. Ankaimbira mchemwali wake foni, n'kutumiza zithunzi za nkhope yake atavala chipewa mopendeketsa. Chisamba ankakweza mawu a foniyo dala. Bambo ake sankafunsa kalikonse, koma puleni inkayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina inkaima.

Asilikali aja atachoka, a Kalipentala anatseka chitseko chimodzi cha shopu natsamiritsa makwerero kukhoma. Pamitanda ya denga panali matabwa ofiira, olemera, amene anali atakhala pamenepo zaka zambiri. M'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti anawasungira bokosi lawo iwo eni. A Magalasi anazimitsa makina awo nabwera kudzalandira matabwawo, limodzilimodzi, osanena nthabwala.

A Kalipentala anapukuta fumbi ndi chikhatho. Anaimika thabwa limodzi pambali pawo, nachotsa pensulo kukhutu, nalemba mzere pamwamba pa mutu wawo. Anaonjezera malo a chikhatho chimodzi, nalembanso mzere wina.

"Bambo," anatero Chisamba, "bwanji musiye malo ochulukirapo? Anyamata amakula."

"Kwathu sitikula. Agogo ako anali chonchi, ine ndili chonchi. Tikafika apa timaima."

"Koma kuusilikali amadya bwino, amathamanga..."

"Kudya kumakulitsa mimba. Kumbali ndisiyako malo."

"Mwina mwanayu akunena zoona, achimwene," anatero a Magalasi. "Mwana wa mlongo wanga anapita kumeneko ali ngati botolo, anabwerako ali ngati mtengo wa magetsi. Kuonjezera pang'ono kungalakwe chiyani?"

"Bokosi lalikulu ndi la munthu wopanda abale," anatero a Kalipentala. "Amagwedezekamo ngati katundu, onyamula n'kumamva. Wanga sagwedezeka. Gwirani uko."

A Magalasi anagwira. Sowo inaikidwa pamzere. Mawu anali pakamwa pa Chisamba, ndipo anali atawakonza kale: ndinamuona, bambo, ndi wamtali. Koma anaona mmene bambo ake anagwirira sowoyo, ngati munthu wogwira ndodo powoloka mtsinje, ndipo mawuwo anawameza. Sowo inalira. Chidutswa chinagwera pansi, chotalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja. M'maso mwa Chisamba chinali ndendende chimene chidzasowe.

Pofika masana anthu anali atayamba kubwera. Azakhali, mlongo wawo wa a Kalipentala, anafika ndi chikwama chachikulu nalanda khitchini. Anamupeza Chisamba ataima pakhomo la kuseri, akuyang'ana bambo ake akudula thabwa lachitatu.

"Usawasokoneze, mwana wanga," anamunong'oneza. "Ntchitoyo ndiyo yawaimika. Ukawalanda sowo agwa pomwepo, tilira maliro awiri. Iwe pita ukagule nsalu yabwino, osati zako za masiku onsezi."

Njira ya kusitolo ya nsalu inkadutsa pabwalo la malole, kuseri kwa msika. Chisamba akanatha kuzungulira, koma miyendo inamutengera pomwepo.

Panali pabwalo limeneli pamene anamuona komaliza, miyezi ingapo m'mbuyomo, nkhondo itangoyamba. Foni inalira masana, iye akupinda nsalu. "Achemwali, tulukani panja muyankhire kutali," anatero Utuchi. Gulu lawo linali litaima pabwalopo kupakira katundu, ndipo linali loti linyamuka dzuwa likapendeka. Chisamba anauza bambo ake kuti ulusi watha. Anagula buledi ndi malalanje panjira.

Malole obiriwira anali atandandalika mpaka kumpanda, ndipo anyamata ovala mofanana anali ponseponse. Chisamba anayenda pakati pawo akuyang'ana nkhope pamsinkhu umene ankaudziwa. Anadutsa wina wamtali amene anatsamira chitseko cha lole, ndipo atangomupitirira anamva kuseka kuchokera m'mwamba.

"Achemwali, mukufuna ndani m'thumba la malaya anga?"

Anatembenuka, nakweza maso, nakwezanso. Nkhope inali yomweyo, mpata wa pakati pa mano unali womwewo, koma zonsezo zinali zitakwera pamwamba.

"Iwe, akukudyetsa feteleza?"

"Nyemba zokhazokha. Mwafupika ndinu, mwakalamba."

"Ndikumenya pamaso pa anzakowa. Ndinakusambitsa ine."

Utuchi anamuonetsa lole yake ngati mmene wina amaonetsera mkazi womutomera. Anamukweza kutsogolo, namuonetsa magiya, nati palibe wina m'gulu lonselo amene amabwerera chambuyo pamalo opanikiza ngati iyeyo. Anasenda lalanje ndi dzanja lamanzere, nagawira anzake awiri amene ankamutchula Chisamba kuti alamu, Utuchi n'kumawaopseza ndi sipanala. Atakhala pamwamba pamenepo, Chisamba anaona kuti denga la shopu yawo likuoneka, kuseri kwa nsanja ya tanki ya madzi.

"Tiye ukawaone bambo," anatero. "Nthawi ilipo. Ungowapatsa moni, tibwerere."

Utuchi anasiya kutafuna. Analiyang'ana dengalo nthawi yaitali.

"Mukuwadziwa maso awo, achemwali. Ndikangolowa, ayambira kumutu mpaka kuphazi. Sachitira dala, ndikudziwa. Koma ine ndikupita kunkhondo. Sindikufuna andiyese."

"Ndi bambo ako."

"Ndikabwerako adzandiyang'ane mpaka atope. Ndidzalowa choimirira, ndidzawagulira tiyi. Koma lero ayi. Ndipo musawauze kuti ndinafika. Lonjezani."

Analonjeza. Pitolilo wonyamukira atalira, Chisamba anamukumbatira pambali pa lole, ndipo anachita kunyang'ama kuti manja afike. Malaya ake ankanunkha dizilo ndi lalanje.

Tsopano pabwalopo panali malole a simenti okhaokha. Chisamba anaima pang'ono pafupi ndi mpanda, kenako anapitiriza ulendo. Kusitolo, wogulitsa atafunsa kutalika kwa nsalu, iye anatchula muyeso woona, osati wa mzere wa pensulo uja.

M'mawa mwake bokosi linali litalumikizidwa. Linali pabenchi pakati pa shopu, ndipo panalibe msomali wooneka ngakhale umodzi. Amisiri a mumsewu ankalowa mmodzimmodzi, kupepesa, n'kusisita m'makona ndi chala. Wosoka mipando ya magalimoto anati pa moyo wake sanaonepo ntchito yotere. A Kalipentala ankapala chivundikiro ndi sandipepa, maso ali ofiira, malaya ali adzulo omwe.

Chisamba anakhala pamakina ndi nsalu yake. Anaganiza zonama kuti asilikali aimba foni n'kupereka muyeso. Koma ankadziwa yankho la bambo ake: asilikali ayesa ndi nsapato zomwe. Anaganiza zongokhala chete. Pamenepo anaona m'maganizo mwake zimene zidzachitike mawa lake: anthu atadzaza m'shopu, asilikali atanyamula thupi, miyendo yosalowa, wina akunena chapansipansi kuti tipinde mawondo, ndipo bambo ake ataima pamenepo, msewu wonse ukuona kuti mmisiri sanamudziwe mwana wake. Anatenga sizasi kuti adule nsalu pamuyeso wa bokosi. Manja anakana. Anaisoka yonse, yaitali, napinda m'mphepete mwake mosamala monga ankachitira mayi ake.

Dzuwa litakwera, anthu atachepako, a Kalipentala anamuitana.

"Chisamba, bweretsa nsalu tiyale."

Anagwira mbali ya kumutu, bambo ake ya kumapazi. Anaitsitsira m'bokosi. Kumutu inakhala bwino. Kumapazi inakwera m'mwamba, nidutsa pathabwa, nilendewera kunja.

A Kalipentala anaiyang'ana. A Magalasi, amene anali atakhala pachitini cha guluu akupukuta zogwirira za bokosilo, anasiya kupukuta.

"Zaka zonsezi sunandiwonongerepo nsalu. Lero ndiye walakwitsa?"

"Sindinalakwitse, bambo."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi msinkhu wake."

"Wakuuza ndani? Asilikali aja?"

"Ndinamuona ndekha."

Kukhitchini kunkamveka azakhali akukalipira wina za makapu. A Magalasi anaimirira pang'onopang'ono kuti atuluke, koma a Kalipentala anawakodola ndi dzanja kuti akhale.

"Pachithunzi?"

"Ayi. Ndi maso. Tsiku lija ndinati ulusi watha. Anaima pabwalo la malole popita kunkhondo."

"Bwalo liti?"

"La kuseri kwa msika."

A Kalipentala anatembenukira kukhomo, ngati kuti bwalolo lingaoneke ali pomwepo. Anachotsa pensulo kukhutu, naiyang'ana, naibwezera.

"Anakhalapo nthawi yaitali?"

"Masana onse."

"Masana onse," anabwereza. "Ine ndinali muno. Ndinali kukhoma bokosi la mphunzitsi uja." Anatembenukira kwa Chisamba. "Anakuuza chifukwa chake?"

Apa Chisamba akanatha kunena kuti akuluakulu awo sanawalole kuchoka pabwalo. Bodzalo linali pafupi, ndipo a Magalasi ankamuyang'ana ngati akumupempha kuti alitole. Koma anali atatopa ndi kusunga zinthu.

"Anati mukamuona mumuyesa. Anati sakufuna kupita kunkhondo atayesedwa. Sanali wokwiya, bambo. Anati akabwerako mudzamuyang'ane mpaka mutope. Denga lathu analiyang'ana nthawi yaitali."

A Kalipentala anagwira m'mphepete mwa bokosi ndi manja onse awiri. Chisamba anasendera pafupi, pokumbukira mawu a azakhali, koma iwo sanagwe. Anangoweramira bokosilo, kupuma kwawo kukumveka.

"Ndikanamuyesadi," anatero potsiriza, mawu ali otsika. "Maso awa sadziwa ntchito ina. Mwana uja ankandidziwa."

"Ndikanakuuzani dzulo musanadule. Ndinaopa."

"Matabwa ndi matabwa."

Anawongoka. Anakweza nsalu ija m'bokosi, naipinda, naipereka kwa mwana wawo. Kenako anatembenukira kwa a Magalasi.

"Achimwene, pitani kwa ogulitsa matabwa. Muwauze kuti ndi ine, ndikufuna ouma, aatali, opanda mfundo. Asakupatseni a pamwamba pa mulu."

"Nanga ili?" anafunsa a Magalasi, akuloza bokosi lofiira.

"Lisiyeni. Silithawa."

A Magalasi atatuluka, a Kalipentala anatsegula kabati ya pansi pa benchi natulutsa tepi. Chisamba anali asanawaonepo akuiloza kwa munthu wamoyo.

"Nsalu yako ndi yongoganizira. Ine ndikufuna zenizeni. Ima apa. Unamufika pati?"

"Chipumi changa chinagunda batani lachiwiri la malaya ake."

"Kale unkamufika pati?"

"Pamphuno."

"Pamphuno, eya." Anagwedeza mutu. "Unavala nsapato ziti?"

"Zomwezi."

"Iye?"

"Majombo."

"Majombo ali ndi chidendene cha zala ziwiri. Tichotsa. Anaima mowongoka kapena anatsamira? Ankakonda kutsamira ameneyo, ngati khoma ndi m'bale wake."

"Poyamba anatsamira lole. Potsanzikana anawongoka."

A Kalipentala anaponda nsonga ya tepi ndi chala cha kuphazi, naikokera m'mwamba mpaka pachipumi cha Chisamba. Analemba pakhoma. Kuchokera pamenepo anakwera pang'onopang'ono, akudzilankhulira: batani, khosi, chibwano, mutu. Pofika pamzere womaliza dzanja lawo linali litatambasuka pamwamba pa mutu wawo. Anabwerera m'mbuyo nauyang'ana mzerewo.

"Anatengera kwa amayi ako," anatero. "Amalume ako onse ankawerama pakhomo pano. Ndinaiwala bwanji?"

Misozi ya Chisamba inali itayamba, ndipo sanaipukute.

"Ndevu anali nazo?"

"Pang'ono. Zapachibwano."

"Anaonda?"

"Ayi. Anali wodzaza. Ankaseka."

"Lole ankaitha?"

"Anati palibe womuposa pobwerera chambuyo."

"Wabodza," anatero a Kalipentala. "Wilibala yomwe ankagunditsa pakhoma."

Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya nakokanso tepi.

"Kwatsala mapewa. Unamukumbatira?"

"Eya."

"Ndionetse."

Chisamba anaika nsalu pabenchi. Anaima pakati pa shopu, pautuchi wofiira wa dzulo, nakweza manja. Poyamba anawakweza pang'ono, mwamanyazi. Kenako thupi linakumbukira lokha: zidendene zinanyamuka, mutu unapendekera kumanja, dzanja lina linakwera, lina linazungulira m'munsi, zala zikungotsala pang'ono kukumana.

"Chonchi?"

"Chonchi, bambo."

A Kalipentala analowetsa tepi pakati pa mikono yake. Tepi inapindika, ndipo anayambiranso.

"Usagwedezeke."

Anawerenga. Sanalembe pakhoma. Anaima pomwepo, tepi ili yotambasuka, akuyang'ana malo a pakati pa manja a mwana wawo, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako kuchokera pansi kukwera, mosafulumira. Panja ngolo ya matabwa inali kumveka ikubwera, a Magalasi akuuza anthu kuti apatuke. Mikono ya Chisamba inayamba kuwawa, ndipo zala za kumapazi zinachita dzanzi. Sanatsitse manja, chifukwa bambo ake anali asanamalize kuyang'ana.